Mlongoti Wozinga ndi Phula Losaoneka

Ciyambire caka ca 1949, pamene wailesi ya Saucepan Special inafika m'dziko muno pa mtengo wa £5, anthu a pa nchito akhala akutumiza mawailesi kwao. Ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi, munthu wofuna kumva maiko akutali usiku pa medium wave akhoza kudzipangira mlongoti. Azinga waya kangapo pa matabwa opingasa, naulumikiza ku kondensa yocotsa m'wailesi yakufa. Ena akuta wayayo ndi citsulo copyapyala kuti licepe phokoso locokera ku makina a sola ndi macaja a foni. Koma atatha zonsezi, ambiri apeza kuti masiteshoni ena asowa. Cifukwa ninji?

Taganizani za ng'oma za pa Kulamba ku Mkaika. Woyimba akamata phula pakati pa cikumba, liu la ng'oma litsika, akacotsako, likwera. Mlongoti wozinga nawo uli ndi liu lace. Siteshoni imene ilingana ndi liulo imveka kwambiri, zina zizirala. Kondensa ndiyo phula lace: mukapotoza kuti mbale zace zilowane, liu litsika.

Tsono bvuto ndi ili: zitsulo ziwiri ziri zonse zoyandikana koma zosakhudzana zisanduka kondensa. Waya ndi waya mnzace, waya ndi cikuto cace, zonsezi ndi phula losaoneka limene simungalicotse popotoza.

Nacitsanzo, medium wave iyamba ca pa 530 kufika ca pa 1,600 kHz, ndiko kukwera katatu. Kuti liu likwere katatu, mphamvu ya kondensa iyenera kutsika kasanu ndi kanai. Kondensa ya wailesi yakale icoka ca pa 365 pF kufika ca pa 15, ndipo ikwanitsa bwino. Koma nthambo ya TV yokutidwa iri ndi 67 pF pa mita imodzi. Mukazinga mamita atatu mwaonjeza 200, ndipo mlongoti woyambira pa 530 ulekeza ca pa 860. Masiteshoni onse a pamwamba atayika.

Mankhwala ace nawa. Tayanitsani mizere ya waya, isagundane. Cikuto cikhale cotakasuka, waya apite pakati. Nthambo zopita ku kondensa zikhale zazifupi. Ngati masiteshoni a pamwamba akanabe, masulani mzere umodzi. Koposa zonse, dulani cikuto pamwamba peni peni, musiye mpata wonga cala. Cikuto cotsekeka ponse ponse cimeza mau onse. Ndipo mlongoti usanyowe m'dzinja, pakuti cinyezi cisuntha liu lace.

Dziwaninso kuti mlongoti wotere suthandiza pa FM, monga pomvera wailesi ya Mphangwe ya ku Katete. Musanatumize ndalama kumudzi zogulira wailesi yatsopano, uzani abale ayambe ayesa zimenezi. Tsalani bwino.