MWANA WA MLENDO AMENE ANASUNGA THUMBA LA DZIKO

Inu anzanga a m'migodi ndi a m'mapulazi, ndi inu okhala m'makomboni a Mbare, Highfield ndi Mufakose, cherani khutu ku mbiri ya munthu mmodzi wa mwazi wathu, ndiye Bambo Bernard Chidzero.

Iye anabadwa caka ca 1927. Atate wace anali munthu wa ku Nyasaland, amace anali Mshona, ndipo anakulira ku Seke, kumene kuli Chitungwiza tsopano. Masiku amenewo mwana wa mlendo sanali kuyembekeza kanthu kena koma citupa, fosholo ndi phoso. Koma mnyamatayu anagwira buku osalitaya. Anaphunzira kwa Akatolika ku Kutama, napitirira ku Mariannhill m'dziko la Natal, ndi ku Roma m'dziko la Basutoland. Pambuyo pace anaoloka nyanja kunka ku Canada, kumene sukulu yaikuru ya McGill inampatsa udokotala wa maphunziro m'caka ca 1958. Analembanso buku la nthano m'Cishona, dzina lace Nzvengamutsvairo.

Pokhala kuti kwao Azungu sanafune kupatsa munthu wakuda mpando woyenera nzeru zace, iyenso analowa ucona monga atate wace. Kuyambira 1960 anatumikira bungwe la United Nations zaka 20, ku Addis Ababa, ku Nairobi ndi ku Geneva. Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1980 anabwera kwao nakhala nduna yolinganiza za cuma, ndipo mu 1982 anampatsa thumba lonse la Boma. Akulu ananenetsa kuti mlendo ndiye ayenda ndi kalumo kakuthwa. Mu 1991 anapikisana ndi Boutros-Ghali wa ku Egypt pa mpando wa mlembi wamkuru wa United Nations, koma mnzaceyo ndiye anapambana.

Komatu kalumo kakuthwa kamacekanso. Ngongole za Boma zitacuruka ndi nchito zitacepa, Bambo Chidzero anatsogolera makonzedwe ochedwa ESAP, mopangana ndi World Bank ndi IMF. Kuyambira 1991 Boma linaleka kugwira mitengo ya zinthu, nilitsegulira khomo katundu wa kunja, nilibwezanso malipiro a sukulu m'matauni. Cilala coopsa ca 1992 cinagwa pamwamba pa zonsezi. Ufa unakwera mtengo, mafakitale ena anatsekedwa, ndipo amuna ambiri a m'makomboni anabwera kunyumba ndi kalata yakutha nchito. Ena amati popanda mankhwala owawawo dziko likadadwala koposa. Ena amati owamwa anali osauka okha. Mlandu umenewu weruzani ndinu, pakuti ndinu munauona ndi maso.

Iye anatula pansi unduna mu 1995 cifukwa ca matenda, namwalira pa 8 August 2002, ndipo anamuika ku Heroes Acre pamodzi ndi ngwazi za dziko. Taonani, caka cimodzi cokha imfayi isanafike, Boma linakhwimitsa lamulo la unzika, kotero kuti ana ambiri a macona, obadwira konkuno monga iye, anayesedwa alendo kufikira malamulo atsopano a 2013.

Cifukwa cace, abale, wina akakuchani opanda kwanu, mumchulire dzina la Chidzero. Ndipo inu amene muli ndi mwana wokonda buku, musamcotse m'sukulu cifukwa ca tikiti ya pa pulazi. Mwana ameneyo akadzakwera, mumkumbutse mtengo wa ufa ku komboni kumene anacokera.