WAILESI YA M'GALIMOTO: KUIKONZA POPANDA KUTHA NDALAMA ZA CIMANGA

CHADIZA — Nyengo yogulitsa mbeu ikatha, pamene cimanga, nshawa, soya ndi mpendadzuwa zacoka m'nkhokwe kupita ku misika, mabanja ena a m'boma la Chadiza amakwaniritsa cinthu cimene akhala akucilakalaka kwa zaka zambiri, ndico kugula galimoto. Ambiri mwa magalimoto amenewa ndi ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan, monga Toyota Corolla, Spacio, Noah ndi Hiace, kapena lole ya Canter yonyamulira matumba. Amabwera pa sitima ya pamadzi kufika ku Dar es Salaam kapena ku Durban, nalowa m'Zambia pa Nakonde kapena pa Chirundu. Anthu amawakonda popeza ciwongolero cao ciri ku dzanja lamanja, pakuti ku Japan nakonso magalimoto ayenda kumanzere kwa mseu monga m'dziko lino.

Koma cimwemwe ca mwini galimoto cimacepa tsiku limene atsegula wailesi ya m'katimo. Apotokola, manambala akwera kufika pa 90, nabwereranso pa 76, ndipo cimene amva ndi phokoso longa la mvula pa malata. Nyumba za mphepo zimene zimveka bwino pa kawailesi ka m'nyumba sizipezeka. Pamenepo ambiri aganiza kuti wailesiyo ndi yakufa, nathamangira ku masitolo a ku Chipata kukagula wailesi yatsopano, masipika akulu-akulu ndi ampulifaya. Ndalama zimene zikadagula fataleza kapena yunifomu ya ana zithera pa cinthu cimene cikadakonzeka ndi ndalama zocepa kwambiri.

KHUTU LA MUDZI

Kumidzi wailesi iri ndi nchito yoposa kusangalatsa. Pa wailesi ndi pamene alimi amamva mtengo umene bungwe la Food Reserve Agency lalengeza pogula cimanga, za kayambidwe ka mvula, za katemera wa ana ndi wa ziweto, ndiponso mauthenga a maliro. Woyendetsa minibasi kapena lole pakati pa Chadiza, Katete ndi Chipata, kapena wopita ku malire a Mozambique pa Chanida, amatha tsiku lonse pa mseu, ndipo zimene iye ndi okwera ace amva panjira zimafika m'midzi madzulo omwewo.

Nkhani yofuna wailesi ya mtengo wocepa ndi yakale m'dziko lino. Nyumba ya mphepo ya ku Lusaka inayamba kuulutsa mau mu 1941, koma pa nthawiyo mawailesi anali okwera mtengo kotero kuti anthu wamba sanali kuwakwanitsa. Mkulu wa zofalitsa nkhani wa masiku amenewo, a Harry Franklin, anafunafuna kampani imene ingapange wailesi yolimba ndi yochipa, ndipo mu 1949 kampani ya Ever Ready ya ku Britain inatulutsa wailesi yobulungira ngati poto, yochedwa Saucepan Special, imene inagulidwa pa mapaundi 5. Ndi wailesi imeneyo imene inalowetsa mau a Cinyanja ocokera ku Lusaka m'nyumba zambiri za kumidzi. Lero Cigawo ca Kum'mawa ciri ndi nyumba zace-zace za mphepo, monga Breeze FM ya ku Chipata imene a Mike Daka anaiyambitsa mu 2002, Radio Maria, ndi Mphangwe ya ku Katete, kuonjezera pa Radio 1 ya ZNBC imene iulutsa m'zilankhulo 7 za m'Zambia. Galimoto imene sigwira nyumba zimenezi iri ngati munthu wogontha pa bwalo la milandu.

CIFUKWA CACE SIGWIRA

Wailesi yobwera ndi galimoto ya ku Japan kawiri-kawiri iri yamoyo ndithu. Vuto lace ndi lakuti inapangidwira dziko lina. Ku Japan nyumba za mphepo za FM zinapatsidwa malo a pakati pa 76 ndi 90 MHz, pamene ku Zambia ndi maiko ambiri ziulutsa pakati pa 87.5 ndi 108. Motero wailesi ya ku Japan ikumana ndi nyumba za kuno pa kampata kakang'ono cabe, kuyambira pa 87.5 kufika pa 90. Nyumba iri yonse youlutsa pamwamba pa 90 siingamveke, ngakhale galimoto itaima pakhomo pace peni-peni. Mawailesi ena a zaka za posacedwa amafika pa 95, komabe nawonso asiya malo akulu osafikako.

Mankhwala ace ndi kabokosi kakang'ono ngati ka macisa, kamene ogulitsa zipangizo za magalimoto amakachula kuti band expander. Kamalumikizidwa pakati pa waya wocokera ku eriyo ndi wailesi, ndipo kamalandira magetsi pa waya umene uyaka kiyi ikatembenuzidwa. Nchito yace ndi kutsitsa manambala a nyumba za mphepo kuti alowe m'malo amene wailesi ya ku Japan ifika. Mwacitsanzo, kabokosi kotsitsa ndi 18 kamacititsa nyumba youlutsa pa 100.0 kumveka pa 82.0, ndipo kotsitsa ndi 10 kamaibweretsa pa 90.0. Cifukwa cace wogula ayenera kuyamba waona pa kawailesi ka m'nyumba manambala a nyumba zimene azikonda, kuti asankhe kabokosi koyenera.

Kabokosi kameneka kali ndi zofooka zace. Manambala a pa galasi la wailesi sakhalanso oona, nthawi zina nyumba ziwiri zigwera pa malo amodzi, ndipo mau amacepako mphamvu kumalo akutali ndi mlongoti woulutsira. Komabe mtengo wace ndi wocepa kwambiri poyerekeza ndi wailesi yatsopano, ndipo makanika wodziwa za magetsi amakaika m'kanthawi kocepa.

KUYAMBA NDI ZOCEPA

Asanagule ciri conse, mwini galimoto ayenera kuona eriyo. Mafunde a FM ayenda molunjika ndipo mapiri amawachinga, ndiye cifukwa cace mau amazimirira galimoto ikatsikira m'dambo, nabweranso ikakwera mtunda. M'dziko la mapiri ngati Chadiza eriyo yothyoka kapena yocita dzimbiri pa tsinde imataya mau ambiri. Eriyo ya kamtengo yoyenera FM italika pafupi-fupi masentimita 75. Magalimoto ena ali ndi eriyo ya timizere tomatidwa pa galasi la kumbuyo, ndipo imeneyi iri ndi kacipangizo kokuzira mau kamene kafuna magetsi. Waya wace ukasiyidwa wosalumikiza, ngakhale wailesi ya mtengo wapatali imalira ngati yodwala.

Kwa iwo amene afuna nyimbo za pa foni kapena pa kakhadi, pali kacipangizo kena kochipa kolowetsa pa bowo loyatsira fodya. Kamatenga nyimbo kudzera pa Bluetooth kapena USB, nikaziulutsa m'galimoto momwemo ngati kanyumba ka mphepo. Akakachera pa nambala ya pakati pa 87.5 ndi 90 pamene palibe nyumba ina, wailesi ya ku Japan imakagwira bwino lomwe popanda kudula waya ngakhale umodzi.

Cotsatira ndi masipika. Pa misewu ya fumbi ndi mabampu, masipika a m'zitseko ndiwo ayamba kutha. Pepala lao limauma ndi dzuwa, mphira wa m'mbali ung'ambika, madzi a mvula otsika ndi galasi amawanyowetsa, ndipo mau ayamba kunjenjemera. Kusintha masipika awiri a kutsogolo okha kumakonza mau kuposa cinthu cina ciri conse ca mtengo wofanana nawo. Wogula atenge sipika yakale popita ku sitolo kuti apeze ya msinkhu womwewo, pakuti zitseko zambiri zilandira ya masentimita 16 koma zina zifuna yaing'ono. Aonenso nambala yolembedwa kumbuyo kwace: masipika a galimoto ambiri ndi a 4 ohm. Kumangirira masipika awiri otere pa waya umodzi, mutu ndi mutu, kumatsitsa nambalayo kufika pa 2, ndipo wailesi imatentha mpaka kupsa.

Sipika iri yonse iri ndi mbali ziwiri zolumikizira, ya + ndi ya -. Imodzi ikalumikizidwa cotembenuza, masipika awiriwo amalimbana, ina ikukankha mphepo pamene inzace ikukoka, ndipo mau a ng'oma amasowa. Njira yodziwira ndi yapafupi. Munthu agunditsa mawaya a sipika pa batire limodzi la toci kwa kamphindi, ndipo pepala likatumphukira kunja ndiye kuti waya umene uli ku mutu wa batire ndi wa +. Pomanga, zomangira zonse zilimbe, ndipo kansalu kapena kamphira koikidwa pamene pulasitiki igunda citsulo kamaletsa citseko kulira pa mabampu.

WAILESI YATSOPANO

Nthawi zina kusintha wailesi yonse sikulephereka. Mawailesi ena a ku Japan okhala ndi galasi la mapu amadzitseka batire ikacotsedwa, nafuna kakhadi kapena nambala yacinsinsi imene inatsala ku Japan, ndipo zolembedwa zao ziri m'Cijapani. Zikatero wailesi wamba ya FM ndi USB ikwanira. Bowo loikamo liri ndi miyeso iwiri yodziwika, lalifupi la masentimita 18 m'lifupi ndi 5 m'mwamba, ndi lalitali la 18 ndi 10, ngakhale ma Toyota ambiri ali ndi bowo lotambalala pang'ono lofuna timapulasitiki totsekera m'mbali.

Wogula asanyengedwe ndi manambala akulu olembedwa pa katoni. Wailesi yolembedwa 50W x 4 imapereka mphamvu imeneyo kwa kamphindi cabe, ndipo mphamvu yace ya nthawi zonse iri pafupi ndi 15 kapena 20 pa sipika imodzi. Imeneyi ikwanira kudzaza Corolla kapena Noah ndi mau omveka bwino. Pa mawailesi ogula m'sitolo waya wacikasu upita ku magetsi a batire osazima, wofiira ku magetsi a pa kiyi, wakuda ku citsulo ca galimoto, ndipo wa buluu udyetsa eriyo. Wofiira ndi wacikasu akamangidwa pamodzi ku batire, wailesi imadya magetsi usiku wonse, ndipo m'mawa galimoto ifuna anyamata oikankha.

Eni malole acenjere koposa. Malole ambiri a dizilo monga Canter ayendera magetsi a 24 volts ocokera ku mabatire awiri, pamene mawailesi ambiri a m'sitolo ndi a 12 volts. Wailesi yotere ikalumikizidwa mwacindunji imapsa nthawi yomweyo. Ena amaimangirira pa batire limodzi mwa awiriwo, koma kucita tero kumathetsa batire limenelo msanga kuposa linzace, ndipo pamapeto pace onse awiri aonongeka. Cofunika ndi kabokosi kotsitsa magetsi kucoka pa 24 kufika pa 12.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Anyamata ambiri oyendetsa mataxi ndi maminibasi amakhumba ampulifaya ndi cisipika ca m'buti cogwedeza magalasi, poganiza kuti cimakopa okwera. Akulu anati walira mvula walira matope. Ampulifaya imakoka magetsi ambiri, ifuna waya wonenepa wocokera ku batire, ndipo imalemetsa batire ndi alternator. Woimba nyimbo pa siteshoni injini iri yozima amapeza batire latha pamene okwera adzaza.

Coopsa ceni-ceni ndi moto. Waya wa ampulifaya uyenera kukhala ndi fyuzi pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 45 kucokera pa mutu wace. Popanda fyuzi, waya ukakhuzika pa citsulo cifukwa ca kugwedezeka kwa pa mseu, umafiira ngati khala, nuyatsa kapeti ndi mipando. Cizolowezi comanga kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya pa malo a fyuzi yakupsa ciri ndi ngozi yomweyo. Fyuzi imapsa kuti galimoto isapse. Mawaya olumikizidwa mwa kungopota ndi kukulunga pulasitiki ya shuga amamasuka, ndipo nthawi zina aononga magetsi a nyali ndi huta, zimene a bungwe la RTSA amaziyesa asanapereke cikalata ca fitinesi.

Makutu nawonso ali ndi malire. Akatswiri a zaumoyo anena kuti phokoso lopitirira madesibelo 85 kwa maola 8 pa tsiku limaononga makutu pang'ono-pang'ono, ndipo kumva kukatayika motero sikubwereranso. Dalaivala ndi kondakitala ndiwo akhala m'phokosomo tsiku lonse. Pa misewu ya kumidzi, pamene pali ngolo za ng'ombe, njinga, zithuthuthu ndi ana a sukulu, woyendetsa ayenera kumva huta ya mnzace ndi kufuula kwa munthu wa pansi. M'minibasi mumakweranso amai opita ndi mwana wodwala ku cipatala ndi anthu opita ku maliro, amene safuna ng'oma m'makutu mwao.

Motero mwini galimoto wanzeru ayamba ndi eriyo, natsatiza kabokosi kotsitsa manambala, kenaka masipika awiri a kutsogolo, ndipo wailesi yatsopano ibwera pamapeto ngati ifunikadi. Pa sitepe iri yonse ayamba wayenda ndi galimoto masiku angapo, namvetsera ngati mau akwanira, pakuti ambiri amapeza kuti palibenso cina cogula. Nchito ya mawaya aipereke kwa makanika wodziwa za magetsi, agwirizane mtengo nchito isanayambe, ndipo aone ndi maso ace kuti fyuzi yaikidwa. Ndalama zotsala zipite ku matayala, mabuleki ndi fataleza wa caka ca mawa, popeza munda ndiwo unagula galimotoyo ndipo ndiwo udzaigulira mafuta.