Zala za kalipentala ndi sowo yamagetsi

Mukakhala ku Mchesi mu Lilongwe kapena ku Ndirande mu Blantyre magetsi n'kuyaka atazima kuyambira m'mawa, simufunika kuuzidwa. Makina amalira pakamodzi m'mashopu a akalipentala, aliyense akuthamangira thabwa limene analisiya. Wina analandira kale dipoziti ya bedi ndipo ndalamayo inadyedwa, wina omanga nyumba akudikira mafelemu, wina anamfedwa aima pomwepo kudikira bokosi. Palibe akudziwa kuti magetsiwo akhala maola angati. Zala zambiri zimaduka pa nthawi ngati imeneyi.

Ena mwa amisiriwa anadutsa m'makoleji a ntchito zamanja, ku Soche, ku Nasawa kapena ku Namitete, ndipo ali ndi mapepala a TEVETA, bungwe loyang'anira maphunzirowa limene linakhazikitsidwa mu 1999. Koma ambiri anaphunzirira kwa malume awo pansi pa chisakasa cha malata. Mnyamata amayamba ndi kusesa utuchi, kuwongola misomali yakale ndi kugwira thabwa pamene bwana akucheka, kenako amapatsidwa pulena, ndipo tsiku lina amangouzidwa kuti, "Iwe, tadula timatabwa iti." Zonse amaphunzira ndi maso. Luso limalowa momwemo, koma zizolowezi zoipa za bwanayo zimalowanso momwemo.

Makina amene afala masiku ano ndi sowo yozungulira yokhala pa mkono umene mumautsitsa pa thabwa, imene pa katoni yake amalemba kuti mitre saw. Ntchito yake ndi kudula thabwa mopingasa komanso kudula ngodya, makamaka ya madigiri 45 imene imakumanitsa makona a felemu. Zimene mmisiri ankalimbana nazo ndi sikweya, pensulo ndi sowo yamanja, iyo imamaliza m'masekondi awiri. Mpeni wake nthawi zambiri umakhala wa mainchi 10 kapena 12, ndipo umazungulira maulendo pakati pa 3,000 ndi 5,000 pa mphindi imodzi. Pa liwiro limenelo mano ake saoneka, mumangoona kachifunga.

N'chifukwa chake opanga, kaya ndi Makita, Bosch, DeWalt kapena Ingco, amaika chotchinga chimene chimaphimba mpeniwo mkono ukakhala m'mwamba, n'kumatseguka chokha pamene mukutsitsa. Chotchingachi ndi chimene chimayamba kusowa. Makina ambiri amagulidwa akale, obwera ndi abale ochokera ku Johannesburg, opanda buku lake, chotchinga chitasweka kale. Pena chilipo ndithu, koma mmisiri wachimangirira m'mwamba ndi waya ati chimamubisira mzere wa pensulo. Ine ndikaona waya ameneyo ndimayang'ana manja a mwini wake, ndipo sindidabwa ndikapeza chala chamkombaphala chofupika.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti thabwa lalitali la paini wa ku Chikangawa silivulaza kawirikawiri. Choopsa ndi kachidutswa. Matabwa akwera mtengo, mlombwa ndi mbawa ndiye osanena, choncho palibe amene amafuna kutaya kapisi kotalika ngati chikhatho. Amakagwira ndi zala pafupi ndi mpeni. Dzino limodzi likakakola, limakakoka mwamphamvu kulowera kumbuyo, dzanja n'kutsatira munthu asanaphethire. Mabuku a makinawa amanena kuti dzanja litalikirane ndi mpeni masentimita 10 kapena kuposerapo, ndipo amisiri osamala amasiya 15. Kapisi kakafupika kuposa pamenepo kafunika kukapana ndi kilampu, apo ayi katayidwe kakhale nkhuni. Thabwa lililonse liyenera kutsamira ndithu pa chitsulo chimene chimakhala kumbuyo kwa makinawo. Likakhala lopindika, msana wake ndiwo uyang'ane ku chitsulocho, chifukwa likasiya mpata pakati limapana mpeni podukapo, makina n'kudumpha.

Ngozi ina imabwera thabwa litaduka kale. Munthu wasiya switchi, phokoso lachepa, iye akuona ngati zatha, akukweza mkono wa makina uku dzanja lina likukatenga chidutswa. Koma mpeni ukadali kuzungulira. M'pofunika kuusiya pansi pomwepo mpaka uime, masekondi owerengeka chabe, koma ndi masekondi amene munthu wolipidwa malinga ndi mipando imene wamaliza amaona ngati akumubera. Chimodzimodzi kupingasitsa manja, dzanja lamanzere kukagwira thabwa kumanja kwa mpeni, zimene zimaika mkono wonse panjira ya mano.

Magolovesi, amene pa ntchito zina amateteza, apa ndi msampha, monganso malaya a manja aatali olendewera. Zofunika kuvala ndi magalasi, zotseka m'makutu ndi chophimba pamphuno. Phokoso la sowoyi limafika cha m'ma decibel 100, pamene makutu amayamba kuonongeka munthu akamakhala tsiku lonse pa phokoso loposa 85. Mukamacheza ndi kalipentala wachikulire n'kumakufunsani kawiri kawiri kuti "Mwati bwanji?", si mwano ayi. Fumbi la matabwa nalonso bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, linaliika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno. Kansalu konyowa kamene anyamata amamanga kumaso kamagwira utuchi waukulu, koma fumbi losalala la matabwa opangidwa ku fakitale otchedwa MDF limadutsa.

Kuzimazima kwa magetsi kuli ndi msampha wakenso. Switchi ya makinawa inapangidwa kuti mukachotsa chala izime yokha. Ikafa, m'malo mogula ina ena amangolumikiza mawaya kuti makina aziyaka ndi pa soketi. Magetsi akazima palibe amene amakumbukira kuzimitsa, mnyamata n'kuyamba kusintha mpeni kapena kuchotsa utuchi ndi dzanja, magetsi n'kubwera osagogoda. Pulagi iyenera kuzulidwa kaye musanakhudze mpeni, ngakhale dera lonse lili mumdima. Za amene amamanga mpeni wa sowo pa galayinda, makina amene ang'onoang'ono ake amathamanga maulendo oposa 10,000 pa mphindi, opanda pokhazika thabwa, ndingoti amenewo akuitana imfa ndi manja awiri.

Malamulo alipo. Lamulo la chitetezo ndi umoyo pa malo a ntchito ndi la 1997, la chipukutamisozi kwa ovulala pa ntchito ndi la 2000. Koma mnyamata wa m'chisakasa alibe kalata ya ntchito, ndipo bwana wake ndi m'bale wake. Akavulala amamukulunga dzanja ndi malaya, kumukweza pa kabaza kupita kuchipatala, bwana n'kulipira thiransipoti ndi kugula Fanta. Pakatha milungu itatu amabwerera ndi bandeji, amayambiranso kusesa utuchi, waya uja akadali pa chotchinga.