Lamulo la pa foni likuteteza yani?

Mu 2024 bwalo la milandu m'boma la Dowa linagamula bambo wina kuti alipire chindapusa cha K200,000, apo ayi akaseweze miyezi isanu ndi umodzi kundende. Bamboyo sanabe mbuzi kapena kumenya munthu. Anaponya pa gulu la WhatsApp kanema wa chidole chovina chimene anachimata nkhope ya mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, n'kuwonjezerapo mawu amene bwalo linati ndi achipongwe. Mu 2022 apolisi ananjata namwino wina kaamba ka zimene analemba pa WhatsApp zokhudza mtsogoleri yemweyo. Musaganize kuti ndi nthenda ya chipani chimodzi. Mu February 2016, DPP ikulamula, akuluakulu ena a MCP, kuphatikizapo a Jessie Kabwila, anamangidwa chifukwa cha macheza a pa gulu la WhatsApp amene boma linati ndi chiwembu chofuna kulanda dziko.

Komatu mukamva anthu mu minibasi kapena pa maliro akunena kuti "boma lichitepo kanthu, masamba a mchezowa atiwonongera dziko," sakhala akudandaula za nkhope ya pulezidenti. Amakhala akunena za mtsikana amene chibwenzi chitatha, mnyamata wamwaza zithunzi zake zamaliseche m'magulu onse mpaka zafika kwa akumpingo. Amanena za gogo amene watumiza ndalama ya feteleza kwa tambwali wodzitcha mwana wake wa ku Joni, kapena za VN ya munthu wosadziwika dzina wonena molimba mtima kuti katemera akupha anthu. Anthu akulira zina, lamulo likuthamangira zina. Nkhani yanga yagona pamenepa.

Kuti masamba a mchezo amavulaza anthu, ine sindikayika. Koma tiyenera kumvetsa mmene amavulazira, chifukwa bodza si lachilendo kuno. Mphekesera za anamapopa zinavuta dziko mu 2002 ndi 2003, Facebook isanabadwe n'komwe, mpaka mkulu wina wa chipani cholamula anagendedwa ku Blantyre. Zitabukanso mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu angapo anaphedwa ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'madera ena. Mantha anali omwe aja akale. Chimene foni yasintha ndi liwiro komanso kusowa kwa mwini nkhani. Kale wonena bodza ankadziwika kwawo, ndipo amfumu ankatha kumuitana kuti afotokoze. Lero uthenga umafika utadutsa m'manja mwa anthu ambirimbiri, ndipo aliyense amati, "Ine ndangotumiza momwe ndalandirira."

Dziko la India linaona zimenezi ndi magazi. Mu July 2018 amuna asanu anamenyedwa mpaka kufa m'mudzi wa Rainpada, m'chigawo cha Maharashtra, chifukwa cha mauthenga a pa WhatsApp onena kuti kukuyenda anthu oba ana. Sanali oyamba kufa motero. Boma litaikalipira, kampani ya WhatsApp inasintha kapangidwe ka pulogalamu yake. Inaika chizindikiro chosonyeza kuti uthenga wangotumizidwa kuchokera kwina, ndipo inaletsa kutumiza uthenga umodzi kumalo oposa asanu nthawi imodzi. Mu 2019 malire amenewa anafika dziko lonse lapansi, ndi ife tomwe. Mu April 2020, Covid-19 itavuta, uthenga umene wayenda kale kwambiri anauchepetsera malo amodzi okha, ndipo kampaniyo inalengeza kuti kufala kwa mauthenga otere kunatsika ndi 70 peresenti. Taonani, palibe anamangidwa kuti zimenezi zitheke. Anangolemetsa chala chotumizira.

Facebook, TikTok ndi YouTube zili ndi vuto lina. Ndalama zawo zimachokera kwa otsatsa malonda, ndiye zimafuna kuti maso anu asachoke pa foni. Makina amene amasankha choti muone aphunzira kuti mkwiyo ndi manyazi a munthu wina zimagwira maso kuposa nkhani ya mtengo wa soya. N'chifukwa chake tsamba lotukwana limakula msanga kuposa la mlangizi wa zaulimi. Mu 2021 mayi wina amene ankagwira ntchito ku Facebook, Frances Haugen, anatulutsa zikalata zosonyeza kuti kampaniyo inkadziwa zambiri mwa zoipazi, kuphatikizapo mmene Instagram imasokonezera maganizo a atsikana ena pa za matupi awo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chilankhulo. Ku Myanmar, kumene anthu a mtundu wa Rohingya oposa 700,000 anathawira ku Bangladesh kuyambira mu 2017, mawu a chidani anayenda pa Facebook kwa zaka, kampaniyo ili ndi antchito ochepa kwambiri omva chilankhulo cha kumeneko. Mu 2018 inavomera yokha kuti sinachite zokwanira. Ku Ethiopia, Pulofesa Meareg Amare anawomberedwa pakhomo pake mumzinda wa Bahir Dar mu November 2021, anthu atalemba pa Facebook zomunyoza ndi kuulula kumene amakhala. Mwana wake anakasuma kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook ndi WhatsApp, ku khoti la ku Kenya. Tsono dzifunseni: munthu akalemba m'Chichewa chokuluwika chija timachidziwa, chonyoza mtundu wina pa nyengo ya kampeni popanda kuutchula dzina, ndani ku California angamve? Nanga Chitumbuka, Chiyao, Chilhomwe, Chisena? Mukadandaula, yankho limene limabwera kawirikawiri ndi la makina, lakuti zimene mwadandaulazo sizikuphwanya malamulo awo.

Pali anthu amene akamva zonsezi amati ingotsekani basi. Amenewa amaiwala msanga. Mu January 2021, zipatala zitadzaza ndipo odwala akufa posowa mpweya, mlembi Onjezani Kenani anapempha thandizo pa Facebook. Amalawi a kuno ndi a kunja anasonkha ndalama zimene zinagula masilinda a mpweya ndi zipangizo zina, ndipo ankauzidwa poyera mmene ndalamazo zayendera. Mu 2019 zithunzi za mapepala a zotsatira za chisankho ofufutidwa ndi Tipp-Ex zinafika m'mafoni a anthu khoti lisanagamule pa 3 February 2020 kuti chisankhocho chichitikenso. Namondwe Freddy atagwetsa mapiri mu March 2023, abale ankafufuzana pa WhatsApp. Ndipo mayi wogulitsa kaunjika pa status yake sangakumveni mukamuuza zotseka.

Maboma a ku Africa amene anayesa kutseka atiphunzitsa kale zimene zimachitika. Uganda inaika msonkho wa mashilingi 200 pa tsiku kwa aliyense wolowa pa masamba a mchezo mu 2018, a Yoweri Museveni akuti anthu achepetse miseche. Ochenjera anazemba pogwiritsa ntchito VPN, osauka anangosiya, ndipo msonkhowo unathetsedwa mu 2021. Nigeria inatseka Twitter mu June 2021 kampaniyo itafufuta uthenga wa Pulezidenti Muhammadu Buhari, n'kudzatsegula mu January 2022. Anzathu a ku Zambia anapeza WhatsApp ndi Facebook zitatsekedwa pa 12 August 2021, tsiku loponya voti. Pa zitatu zonsezi, wotetezedwa anali wokhala pampando.

Kwina anatenga njira yolimbana ndi makampani eniake. Lamulo la mayiko a European Union la mu 2022, lotchedwa Digital Services Act, limakakamiza makampani akuluakulu kupereka njira yodandaulira, kufotokoza chifukwa chimene afufutira uthenga wa munthu, ndi kuunika ngozi zimene makina awo angadzetse. Akalephera, chindapusa chikhoza kufika 6 peresenti ya ndalama zonse zimene apeza pa chaka dziko lonse. Australia mu 2024 inakhazikitsa lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi maakaunti, ndipo wolangidwa ndi kampani, osati mwana kapena kholo. La Australia ine ndimalikayikira kuno kwathu, kumene foni imodzi imayenda m'manja mwa bambo, mayi, mwana ndi mlamu. Koma mfundo yoti chilango chigwere wopanga ndalama ndi yolondola.

Vuto n'lakuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Kwa Meta, msika wa Malawi ndi waung'ono zedi, pamene kwa ife WhatsApp ndi ofesi, sitolo ndi bwalo la banja. MACRA, yoyang'anira za mauthenga m'dziko muno, payokha singawopseze kampani yotero. Mayiko a SADC kapena African Union atalankhula limodzi, n'kufuna chinthu chimodzi chooneka, monga anthu omva zilankhulo zathu oti aziyankha madandaulo pa nthawi yoikika, mwina angamveke. Anthuwo azilipidwa bwino ndi kusamalidwa, pakuti amene ankagwira ntchito imeneyi ku Nairobi anakasuma ku khoti ponena kuti kuonera zoopsa tsiku ndi tsiku kunawadwalitsa maganizo.

Zimene tingathe patokha zili m'malamulo athu. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la mu 2016 lili ndi zigawo zabwino zoletsa kuzunza munthu pa intaneti, kumulondalonda, ndi zolaula zokhudza ana. Koma lilinso ndi gawo 87, loletsa uthenga wosokoneza mtendere wa munthu wina, limene mawu ake ndi otambalala moti aliyense wamphamvu amene wapsa mtima akhoza kukwanamo. Atolankhani nawo akhala akutengeredwa ku polisi pogwiritsa ntchito lamulo lomweli. Nyumba ya Malamulo inachita bwino mu 2022 pochotsa milandu youkira boma ndi mawu, ndipo mu July 2025 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti kuipitsa mbiri ya munthu kusakhalenso mlandu womangitsa. Woipitsidwa mbiri akasume, alipidwe. Gawo 87 liyenera kutsata njira yomweyo, kapena lilembedwenso mopapatiza kuti ligwire wowopseza ndi wozunza basi.

Kumayambiriro kwa 2025 kunamveka kuti MACRA ikugula makina a ndalama pafupifupi madola 1.5 miliyoni ounikira nkhani zabodza pa masamba a mchezo, chisankho chili pafupi. Mabungwe omenyera ufulu anakana, ndipo ndikuwamvetsa. Makina otero amauza boma zimene anthu akunena. Mtsikana uja wamwaziridwa zithunzi sakusowa makina. Akusowa wapolisi wa ku Victim Support Unit wodziwa kusunga umboni wa pa foni, amene sayamba ndi kumufunsa chifukwa chimene anajambulitsira, komanso woweruza wotha kulamula tsiku lomwelo kuti zithunzizo zichotsedwe ndi kuti wozimwaza aonekere ku khoti. Ndalama imeneyo ikanaphunzitsa apolisi ndi oweruza ambiri ndithu m'maboma onse 28.