Futsal ya ku Spain ndi mpira wathu wa pafumbi

Mwana wokulira ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi safunika kumuuza kuti mpira umaseweredwa bwanji pamalo opanikizika. Amaudziwa kuchokera pa mpira wachikulunga, wa majumbo omangidwa ndi zingwe, umene sudumpha ndipo umafuna kuuponda ndi kuphazi kuti ukumvere. Zigoli ndi njerwa ziwiri, anthu ndi anayi kapena asanu mbali iliyonse, ndipo amene achedwa kuganiza walandidwa. Ku Spain masewero a mtundu womwewu, otchedwa futsal, ali ndi ligi ya osewera olipidwa mwezi ndi mwezi, yoonetsedwa pa kanema, imene matimu ake akhala akutenga zikho za ku Ulaya. Ambiri akafunsidwa chifukwa chake kuno sizili choncho amafulumira kunena za ndalama. Ndalama zili ndi gawo lake, koma mbiri ya ligi ya ku Spain ikusonyeza kuti zinthu ziwiri zinabwera patsogolo pa ndalamazo: bwalo limene timu ikudziwa kuti ilipeza sabata iliyonse, ndi tsiku la masewero limene silidikira kuti wina akhale ndi chifundo. Ife luso tili nalo, koma ziwirizi ndi zimene sitinazipatse mpira wathu waung'ono.

Futsal inayambira ku Montevideo m'dziko la Uruguay mu 1930, pamene mphunzitsi wa ku YMCA, Juan Carlos Ceriani, anakonza malamulo oti anyamata azisewera mpira wa miyendo m'holo. Inakula kwambiri ku Brazil, ndipo ku Spain inazika mizu m'zaka za m'ma 1970. Timu imene lero ili ndi mbiri yoposa onse kumeneko, Inter, inakhazikitsidwa mu 1977 ndi mtolankhani wa zamasewero José María García. Koma zaka za m'ma 1980 zinali za mkangano. Panali mabungwe awiri, lina la futsal payokha ndipo lina linali bungwe lalikulu la mpira wa miyendo la dzikolo, ndipo aliyense ankayendetsa mpikisano wake ndi kutchula katswiri wake. Osewera abwino anali ogawikana, makampani sankadziwa kuti athandize mbali iti. Mu 1989, chaka chimene FIFA inachititsa chikho chake choyamba cha futsal cha dziko lonse ku Netherlands, matimu a mbali ziwirizi anagwirizana n'kupanga ligi imodzi, Liga Nacional de Fútbol Sala. Nyengo yoyamba inatengedwa ndi Inter, imene panthawiyo inkatchedwa Interviú.

Zotsatira zake sizinachedwe. Patangotha zaka 11, mu 2000, timu ya dziko la Spain inagonjetsa Brazil 4-3 mu ndime yotsiriza ku Guatemala n'kukhala akatswiri a dziko lonse, chikho chimene Brazil inali itatenga katatu motsatizana. Mu 2004 anachitenganso atagonjetsa Italy, ndipo pakati pa 1996 ndi 2016 anakhala akatswiri a ku Ulaya maulendo 7. Mphunzitsi wa zikho ziwiri za dziko lonsezo, Javier Lozano, pambuyo pake anakhala mtsogoleri wa ligiyo. Palibe mankhwala amene anachitika apa. Ligi ya pamwamba ili ndi matimu 16, iliyonse imakumana ndi inzake kawiri, kwawo ndi koyenda, kenaka matimu 8 oyambirira amalowa m'ndime yachipulula. Wosewera amakhala ndi masewero ovuta 30 pachaka asanafike n'komwe ku zikho zina. Malamulo nawo salola ulesi: zigawo ziwiri za mphindi 20 koloko ikuimitsidwa mpira ukatuluka, masekondi 4 okha oti uyambitse mpira, ndipo timu ikachita mafaulo opitirira 5 m'chigawo chimodzi, anzawo amamenya mpira pa mamita 10 popanda khoma. Munthu wosewera chotere sabata ndi sabata kwa zaka zingapo amasanduka katswiri ngakhale atakhala kuti anayamba ali wamba.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri m'ligi imeneyi ndi mayina a malo amene matimu amachokera. Barcelona ilimo, koma inadikira mpaka 2011 kuti itenge ligi koyamba. Zaka zambiri mphamvu zinali ku Murcia, ku Segovia, ku Castellón, ndi m'matauni ozungulira Madrid monga Alcalá de Henares ndi Torrejón de Ardoz, kumene Inter yakhala ikusewerera. Playas de Castellón ndi imene inatenga zikho ziwiri zoyamba za UEFA za matimu a futsal mu 2002 ndi 2003. Valdepeñas, tauni ya alimi a mphesa ya anthu pafupifupi 30,000, inafika mu ndime yotsiriza ya ligi mu 2020. Burela ndi doko laling'ono la asodzi ku Galicia, koma lakhala ndi timu m'ligi ya pamwamba ndiponso timu ya amayi yoopedwa dziko lonselo. Matauni otere sangakwanitse timu yopikisana ndi Real Madrid pa mpira wa anthu 11, koma ali ndi holo ya zamasewero yomangidwa ndi khonsolo, ya mamita 40 m'litali ndi 20 m'lifupi, imene masana imatumikira ana asukulu, madzulo handball ndi basketball, ndipo kumapeto kwa sabata imadzaza ndi ochemerera timu ya kwawo. Matimu ambiri sanamange mabwalo awo. Anapeza holo ya anthu onse ilipo kale, anapatsidwa maola ake, ndipo ndalama zimene akanamangira anazilipira osewera ndi aphunzitsi a ana.

Tikabwera kwathu, mpira wa m'madera umayenda mwa njira ina, ndipo njira imeneyi tinaizolowera moti sitiionanso ngati vuto. Mpikisano umabwera ndi munthu. Phungu kapena wofuna uphungu amalengeza chikho, wabizinesi amakonza bonanza ya masiku awiri, mipira ndi yunifolomu zimagawidwa pamaso pa mafumu, ndipo anthu amasangalala moona. Sindikunyoza zikho zimenezi, pakuti m'midzi yambiri ndi zokhazo zimene zimasonkhanitsa achinyamata pa zabwino. Koma chikho chimatha. Timu yogonja tsiku loyamba yatha ntchito, ndipo ngakhale yopambana sidziwa kuti idzasewera liti mpira wina waphindu. Zikho zimachuluka chisankho chikayandikira, n'kuzimiririka mavoti akawerengedwa. Zili ngati munda wodalira mvula yokha pamene wa mnzako uli pa mthirira: mbewu ndi imodzi, koma winayo amakolola chaka chonse. Nawo malo osewerera amatha chaka ndi chaka m'mizinda yathu, pamene mpata uliwonse umene ana ankathamangapo ukumangidwa nyumba kapena mpanda. Mpira wa anthu asanu ndi umene ukanayenera mizinda yothinana chonchi, chifukwa pabwalo limodzi la anthu 11 pangatuluke mabwalo angapo a futsal.

Wina anganene kuti ndikuchepetsa dala mphamvu ya makampani, popeza mayina a matimu a ku Spain akudzinenera okha: Movistar Inter ndi kampani ya mafoni, ElPozo Murcia ndi kampani ya nyama, Jimbee Cartagena ndi dzina la mavwende ogulitsa. Ndi zoona, ndipo apa ndi pamene tikufanana nawo kwambiri. Ife tinakhala ndi Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets mpaka Nyasa Big Bullets; tinaona Limbe Leaf Wanderers ikusanduka MTL Wanderers, kenaka Be Forward. Koma mbiri ya mbali zonse ziwiri ikuonetsa kuti dzina la kampani ndi chinthu chodutsa. Caja Segovia inatenga ligi ya ku Spain mu 1999 ikuthandizidwa ndi banki ya m'deralo, ndipo mavuto azachuma atameza bankiyo timu inatha mu 2013. Kuno Escom United inatenga Super League mu 2007, lero sikumvekanso, monganso MDC United imene inatha kalekale. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Spain timu ikagwa, holo imatsala, ligi za m'munsi zimapitirira, ana a m'tauniyo amasewerabe Loweruka, ndipo pakapita nthawi timu ina imaphuka pamalo omwewo. Kwathu matimu okhalitsa ambiri ndi a mabungwe a boma, Silver Strikers ya Reserve Bank, Blue Eagles ya apolisi, Moyale ndi Kamuzu Barracks za asilikali, ndipo chimene chimawasunga si dzina lokha koma bwalo lawo ndi malipiro odalirika. Kampani imabwera pamene yaona anthu akusonkhana kale sabata iliyonse.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi chakuti Spain ndi dziko lolemera, ndipo khonsolo ya kuno imene ikulephera kuchotsa zinyalala mumsika singamange holo. Sindingakane zimenezi. Koma Mozambique si dziko lolemera, ndipo mu 2016 inakasewera chikho cha futsal cha dziko lonse ku Colombia. Angola inapitako mu 2021, ndipo Zambia yaseweramo mu mpikisano wa futsal wa mu Africa. Umboni wina uli pakhomo pathu pomwe: mu 2022 Malawi inafika koyamba mu mpikisano wa mu Africa wa mpira wa pamchenga ku Vilankulo. Nawo ndi mpira wa anthu asanu, ndipo unakula msanga chifukwa bwalo lake, mchenga wa m'mbali mwa nyanja, linalipo kale. Chimene chinawonjezeredwa ndi dongosolo chabe. Futsal sifuna denga kuti iyambe. Malamulo a FIFA amalola bwalo la mamita 25 m'litali ndi 16 m'lifupi pa masewero a m'dziko, pamene bwalo la ntchemberembaye ndi la mamita 30.5 ndi 15.25. Simenti ya mabwalo a ntchemberembaye ndi basketball amene ali m'sukulu za sekondale, m'makoleji ndi kumatchalitchi ikungofuna kuwonjezera pang'ono m'mbali ndi kuika zigoli. Mvula idzasokoneza masewero ena, koma kuyambira Meyi mpaka Okutobala kuli miyezi youma yokwanira ligi yonse.

Enanso amaopa kuti tikayamba futsal tigawa ndalama zochepa zimene Flames ndi Super League zikulimbirana kale. Ena amayankha mantha amenewa ponena kuti futsal idzatipangira akatswiri a mpira waukulu monga inachitira ku Brazil. Ine sindidalira yankho limeneli, chifukwa ku Spain ligi ya futsal ili ndi akatswiri akeake amene amakalamba ali momwemo, ndipo Ricardinho wa ku Portugal anatchuka dziko lonse ali ku Inter osafuna bwalo la udzu. Phindu lenileni ndi lakuti timu ya anthu 10 kapena 12 imakwana mu minibasi imodzi, ndipo ligi ya matimu a mumzinda umodzi sifuna n'komwe minibasiyo. Chimene chingavute kwambiri ndi kugwirizana. Ku Spain mkangano pakati pa matimu ndi bungwe lalikulu la mpira unabwereranso cha m'ma 2019, bungwelo litatenga udindo woyendetsa mpikisano, ndipo kulimbirana za kanema kunasokoneza zinthu kwa nyengo zingapo. Kwathu kukambirana koyamba kuyenera kukhala ndi amayi ndi atsikana a ntchemberembaye, amene mabwalowo ndi awo ndipo anawasamala pamene palibe amene ankawathandiza. Maola agawidwe molemba pakati pa FAM, bungwe la ntchemberembaye, akuluakulu a sukulu ndi makhonsolo, atsikana akhale ndi matimu awo a futsal kuyambira tsiku loyamba, ndipo ndondomeko ya masewero a nyengo yonse ituluke chikho chisanagulidwe.