Sukulu ya udokotala sifunsa imvi, imafunsa mapepala

Anthu ambiri m'dziko muno amaganiza kuti khomo la sukulu ya udokotala limatsegukira okhawo amene angotuluka kumene ku Folomu 4 ndi mapointi 6 kapena 8. Ukapyola zaka 30, uli ndi banja, amati basi achimwene, sitima idakusiyani pa Golomoti.

Ine ndikukana. Ndili ndi zaka 34, ndine clinical officer, ndipo ndagwira ntchito zaka 9 kunsi kuno kwa Dedza, dera la Mtakataka, Mua ndi Golomoti. Malungo, likodzo ndi amayi ovutika pochira ndimakumana nazo tsiku ndi tsiku. Matenda akatikulira timatumiza wodwala ku chipatala cha mishoni cha Mua, kapena kukweza naye Khwekhwerere mpaka ku Dedza boma. Ena satha kufika. Nchifukwa chake chaka chino ndikulembera malo ku Kamuzu University of Health Sciences.

Sukuluyi idabadwa mu 2021 pomwe College of Medicine, imene idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing. Ana ochokera ku sekondale amalembera kudzera ku bungwe la NCHE. Ife akuluakulu, amene amatitcha a mature entry, timadikira chilengezo cha sukuluyo ndi kulembera komweko.

Choyamba ndi satifiketi ya MSCE. Luso lako pa odwala lingachuluke bwanji, iwo ayamba ayang'ana makirediti 6, makamaka Chingerezi, Masamu, Biology ndi sayansi. Anzanga amene tidalemba kale Physical Science, dziwani kuti lero phunziroli lidagawidwa pawiri, Physics ndi Chemistry. Ngati giredi ili yofooka, palibe kuchitira mwina, kalembetseni mayeso a MANEB ngati wophunzira wapadera. Inde mukakhala pa desiki limodzi ndi ana oti mukadawabereka, koma mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Chachiwiri ndi mapepala ena onse: dipuloma, zotsatira za ku koleji, umboni woti udalembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndi kalata ya abwana. Makope ake amafunika chidindo cha wolumbiritsa, ndiye kwa ife kuno ndi ulendo wa tsiku lathunthu ndi ndalama ya minibasi. Onetsetsani kuti dzina ndi tsiku lobadwa n'zofanana pa pepala lililonse ndi pa chiphaso cha unzika. Amayi amene mudasintha dzina pokwatiwa, konzani izi chilengezo chisanatuluke. Masiku olembera amakhala ochepa, ndipo netiweki ya kumudzi sidziwa kuti mawa n'kotseka.

Chachitatu, chimene chimagwetsa ambiri, ndi ndalama. Maphunziro a udokotala ndi zaka 5, kuonjezapo chaka chokonzekera kwa amene ayamba ndi MSCE, kenaka miyezi 18 yogwira ntchito moyang'aniridwa pa chipatala chachikulu. Akuluakulu timalipira fizi yokwera kuposa ana osankhidwa kuchokera ku sekondale. Tsono mwana wa zaka 18 amangonyamula chikwama n'kumapita, pamene ine ndisiya mkazi, ana awiri ndi munda wa mpunga. Tidakhala pansi ndi mayi a kunyumba n'kuwerengera kobiri lililonse, ndipo geni yawo ya usipa ndiyo idzagwire banja. Inu a bizinesi mukudziwa kuti mpamba sudyedwa. Ifenso fizi ya chaka choyamba tidaiika padera, sitiikhudza ngakhale kubwere maliro.

Wina ati, kodi pofika zaka 40 udzakhala utapindulanji? Mbiri iyankhe. Dr Hastings Kamuzu Banda adamaliza udokotala ku Meharry Medical College ku America mu 1937 ali ndi zaka pafupifupi 40, atagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni. Dr Daniel Malekebu, dokotala woyamba wa dziko lino, adamaliza pa sukulu yomweyo mu 1917, ndipo adabwerera kwawo kukatumikira ku Chiradzulu.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi mbali ina. Inkosi Theresa Kachindamoto idathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubweza atsikana ku sukulu. Ambiri a iwo afika Folomu 4 mochedwa, ena ali ndi mwana kumbuyo. Tikamanena kuti udokotala ndi wa achichepere okha, ndiye kuti tawatsekera khomo kachiwiri.

Komanso munthu amene wakulira ntchito ku chipatala cha kumudzi, ndiye savuta kubwererako akamaliza. Amadziwa kale kutentha kwa Okutobala, udzudzu ndi milatho yoduka nthawi ya dzinja.

Choncho anamwino, ma clinical officer, aphunzitsi a sayansi ndi inu nonse amene maloto adaima chifukwa cha fizi kapena mimba, tsegulani sutikesi muone chimene chikusowa pa mapepala anu. Yambani lero, musadikire chilengezo. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.