Ubwenzi umene udabala mabuku onena za nyanja yathu

Alendo akafika ku Nkhotakota timawaonetsa mkuyu umene David Livingstone adakhala patsinde pake pokambirana ndi Jumbe za malonda a akapolo. Chimene sitiwauza n'chakuti mabuku amene adatchukitsa derali ku Ulaya adatheka chifukwa cha abwenzi.

Olemba ankakhalirana bwanji?

M'nthawi ya Mfumukazi Victoria, kuyambira 1837 mpaka 1901, olemba mabuku ndi ochita zisudzo ku Britain ankachezerana kwambiri, kudyera pamodzi ndi kuwerengerana zolemba zisanasindikizidwe. Charles Dickens anali bwenzi la ponda apa m'pondepo la katswiri wa zisudzo William Macready, ndipo mu 1857 iye mwini adasewera m'sewero la mnzake Wilkie Collins. Chaka chomwecho Livingstone adatulutsa buku lake loyamba.

Kulembera kwa mnzake

Livingstone adafika ku Nkhotakota mu 1861, nabweranso mu 1863. Atabwerera kwawo mu 1864, William Webb, mlenje amene adadziwana naye ku Africa kuno, adamuitanira kunyumba kwake ku Newstead Abbey. Kumeneko Livingstone adakhalako miyezi ingapo ndi mwana wake Agnes, akulemba buku la ulendo wa ku Zambezi ndi Shire. Mnzake wina, William Cotton Oswell, ndiye ankamukonzera zolakwika. Bukulo lidatuluka mu 1865.

Chuma ndi Susi

Livingstone atamwalira mu 1873, antchito ake James Chuma ndi Abdullah Susi adatsogolera anthu onyamula thupi lake mpaka kugombe la Bagamoyo. Mu 1874 James Young, mnzake wa malemuwo, adawalipirira ulendo wa ku Britain, kumene adakhala pansi ndi Horace Waller, amene ankakonza buku lomaliza la Livingstone, kumufotokozera za masiku otsiriza a malemuwo. Popanda iwo, bukulo likadathera panjira.

Manda a ku All Saints

Chauncy Maples ndi William Percival Johnson adakondana ali ophunzira ku Oxford, ndipo onse adadzatumikira mishoni ya Anglican kunyanja kuno. Maples adamira m'nyanja mu 1895, atangodzozedwa ubishopu, ndipo adaikidwa pa tchalitchi cha All Saints ku Nkhotakota. Johnson adapitiriza ntchito, kumasulira Baibulo m'Chinyanja ndi kulemba za nyanjayi, mpaka imfa yake mu 1928.

Kwa olemba a lero

Mutu umodzi susenza denga. Inu amene mukulemba nthano ku Linga, kapena kukonza sewero ku Dwangwa, pezani mnzanu wokuwerengerani mosakunyengererani. Ndipo bukulo likatuluka, musaiwale kutchula maina a amene adakuthandizani.